Kakonzedwe ka Chimake Cholukira Kuti Chizigwira Singano Zosiyana Kukula

Chimake cholukira ndi kamtengo kosema, kotalika masentimita 15 mpaka 25, kamene woluka amazika pa lamba kapena pa chingwe cha epuloni m'chiuno cha kumanja. Kumutu kwake kuli bowo limodzi, ndipo m'bowomo mumalowa nsonga yakumbuyo ya singano imene ikulandira mastichi. Singano ikaima yokha chonchi, dzanja lamanja silivutikanso ndi kunyamula, limangotsala ndi ntchito yoyendetsa ulusi. Umu ndi mmene anthu a ku Yorkshire Dales, kumpoto kwa England, ankalukira masokosi, magolovesi ndi zipewa zogulitsa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ena ali chikhalire, ena akuyenda. A m'mudzi wa Dent, m'dera lomwelo, anatchuka ndi liwiro lawo komanso ndi zimake zooneka ngati phiko la tsekwe, zimene zimakhala bwino pa chiuno. Zambiri mwa izo zikusungidwa ku Dales Countryside Museum m'tauni ya Hawes. Ku Wales, ku Cornwall ndi ku Netherlands nakonso ankasema zawo.

Vuto la chipangizochi ndi limodzi: bowo linabooledwa molingana ndi singano za mwini wake. Oluka akalewo ankagwiritsa ntchito singano zachitsulo zopyapyala kwambiri, za mamilimita 2 kapena kucheperapo. Ulusi wonenepa pakatikati wotchedwa DK umene wadzaza m'mashopu lero umafuna singano ya mamilimita 4, ndipo wopyapyalako wotchedwa 4-ply umafuna ya 3.25. Ndiye mwina singano yanu ikana kulowa, kapena mupeza chimake chimene bowo lake linakula ndi zaka, singano n'kumagwedera ngati khasu lokhwepa pa mpini.

Yambani ndi kuyeza

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa singano musanadziwe kuti ndi ya kuti. Pa manambala akale a ku Britain, nambala ikamakula singano imachepa: 14 ndi mamilimita 2, 13 ndi 2.25, 11 ndi 3, 10 ndi 3.25, ndipo 8 ndi 4. A ku America amawerenga mobwerera, moti 8 wawo ndi mamilimita 5. Yezani singano iliyonse ndi vernier (chida choyezera kunenepa kwa zinthu) kapena ndi kabolodi ka mabowo koyezera singano, ndipo muyeze pakati, osati kufupi ndi nsonga.

Bowo la chimake muliyeze ndi mabiti a drilu. Tembenuzani biti, mulowetse mbali yosalala ija, kuyambira yaying'ono kumakwera mpaka mupeze imene ikulowa mosakakamiza koma osagwedera. Kenako tengani kawaya kopyapyala, mukalowetse mpaka kagunde pansi, mugwire ndi chala pa mlomo wa bowo, mutulutse n'kuyeza kuya kwake. Muwalitsenso tochi ya foni mkatimo. Mabowo akale ambiri ndi otambalala kumlomo ndi opapatiza mkati, chifukwa singano inkadya mlomowo tsiku ndi tsiku. Ena mumakhala fumbi la ulusi, kapenanso kansonga ka singano kothoka. Zimenezi zichotseni ndi kawaya kopinda kunsonga musanachite china chilichonse.

Kuya kwa bowo kumanyozeka, koma n'kumene kumalamula zonse. Nsonga ya singano imasongoka pa mtunda wa mamilimita 10 mpaka 20, ndipo gawo losongokali siligwira khoma la bowo. Chimene chimagwira ndi thupi la singano, pamene pali posasongoka. Tiyerekeze singano ya masentimita 35 m'bowo limene laiposa ndi mamilimita 0.2. Ngati thupi lake lagwira khoma pa mtunda wa mamilimita 30, nsonga yakutsogolo imasewera mamilimita awiri okha, ndipo zimenezi dzanja silizimva. Ngati lagwira mamilimita 10 okha, kusewerako kumafika mamilimita 7, ndipo mudzaphonya stichi kawirikawiri. N'chifukwa chake bowo labwino limakhala lakuya mamilimita 40 mpaka 45, ndipo limaposa singano ndi 0.1 kapena 0.2 basi.

Singano nayonso izituluka mosavuta. Poluka mozungulira ndi singano zinayi kapena zisanu, mumasintha singano ya m'chimake katatu kapena kanayi pa mzere uliwonse. Bowo lothina kwambiri, lofuna manja awiri, lathetsa kale phindu la chimake. Muyeso wake ndi uwu: singano ilowe ndi dzanja limodzi, ituluke ndi zala ziwiri, ndipo isasolotoke yokha mukagoneka chimake chopingasa n'kuchigwedeza pang'ono.

Ngati chimake ndi chakale

Chimake chakale sichibooledwa. Zambiri zinasemedwa ndi anyamata ngati mphatso kwa abwenzi awo, zina zili ndi chaka ndi zilembo zoyamba za dzina, ndipo mtengo wa zaka 150 ndi wouma moti biti ikangoluma mutu umang'aluka. Musathiremonso superglue kapena epoxy, chifukwa sizichoka popanda kuswa mtengo. Chilichonse chimene muikemo chikhale choti mutha kuchisolola mawa. Mukaona timabowo tating'ono m'thupi mwake tikutulutsa ufa, ndiye kuti chinafumbwa mkati. Chimenecho chisungeni, mulukire china.

Bowo likakula pang'ono, ndi theka la milimita kapena kucheperapo, ulusi womwewo umene mukulukira ndi wokwanira. Dulani kachidutswa ka masentimita 10, mukapinde pakati, mukankhire popindapo pansi pa bowo ndi kawaya, michira iwiri itsale panja. Singano ilowa pambali pa ulusiwo n'kugwira. Michira ija musaidule, ndiyo yokokera ulusi ukaphwanyika. Ulusi wa ubweya weniweni wa nkhosa umagwira bwino kuposa wa acrylic, umene umaterera. Cholakwika chofala n'kutsendera mpira wa ulusi pansi pa bowo. Mpirawo umangochepetsa kuya, singano imaima pa nsonga yokha n'kumagwedera kuposa kale. Ulusi uziyenda m'mbali, kuchokera pansi mpaka kumlomo.

Kusiyana kukafika milimita imodzi, tengani kachikopa kofewa, monga ka golovesi yakutha kapena lilime la nsapato. Dulani kamzere ka mamilimita 2 kapena 3 m'lifupi, kotalika kuposa kuya kwa bowo ndi sentimita imodzi. Kapaleni ndi lezala mbali yaukakala mpaka kapyapyale mofanana, kenako kalowetseni mbali yosalala italoza kumene kudutse singano. Kagawo kotsala panja kapindireni pa mlomo. Chikopa chimalimba miyezi, koma musasiye singano yachitsulo ili momwemo usiku wonse, chifukwa mankhwala ofufutira chikopa pamodzi ndi chinyontho zimadetsa chitsulo n'kuyambitsa dzimbiri.

Bowo likakula kwambiri pamafunika kapaipi. Akale ankagwiritsa ntchito tsinde la nthenga, ndipo mpaka pano palibe chochiposa pa chimake chakale, chifukwa ndi chosalala, cholimba, ndipo sichikanda mtengo kapena singano. Mbalame zosiyana zimapereka matsinde osiyana kukula: nthenga ya kuphiko kwa tsekwe kapena nkhukundembo ndi ya singano zonenepa, ya bakha ndi yapakati, ya nkhuku ndi ya singano zopyapyala. Dulani tsinde loyera lija masentimita 5, kusiya nsonga yake yotsekeka, muchotse zofewa zamkati ndi kawaya. Liviikeni m'madzi ofunda mphindi 10 kuti lisang'aluke polidula, ndipo dulani ndi lezala yakuthwa, osati sizasi, chifukwa sizasi imafinya n'kuswa. Likauma, likulungeni ulusi wosokera kunja, mzere umodzi kapena iwiri, mpaka lilowe m'bowo mothina. Lisiyeni litatulukira mamilimita 3 kuti chikhadabo chizipeza pogwira.

Popanda nthenga, kapaipi ka inki ka m'bolopeni kakhoza kugwira ntchito pa singano za mamilimita pafupifupi 2, bola mudule gawo limene inki sinafikepo. Chikutiro cha waya wamagetsi nachonso chimathandiza pa singano zopyapyala kwambiri: waya wa 1.5 mm² amasiya bowo la pafupifupi mamilimita 1.4, ndipo wa 2.5 mm² amasiya la pafupifupi 1.8. Labala ya valavu ya njinga imaoneka ngati ingakwane, koma imagwira singano mopitirira, ndipo imatuluka nayo limodzi nthawi zonse.

Nanga singano ikakhala yaikulu kuposa bowo lakale? Pali njira, ngakhale si yokondweretsa. Semani kamtengo kobulungira, kotalika mamilimita 55 ndi konenepa mamilimita 12. Mbali imodzi boolani bowo la singano yanu, lakuya mamilimita 40. Mbali inayo boolani kabowo kakang'ono n'kumatiramo kachidutswa ka singano yachitsulo yolingana ndi bowo lakale, katulukire kunja molingana ndi kuya kwa bowolo. Kachitsuloko kamalowa m'chimake, singano yanu n'kulowa m'kamtengo. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu yonse imathera pa mlomo wa bowo lakale, ndipo nsalu ikamalemera mlomowo umaphwanyika. Pa masokosi ndi magolovesi zingatheke. Pa juzi ya munthu wamkulu ayi, semani chimake chatsopano chofanana ndi chakalecho.

Chimake chatsopano cha zitsekerero zosinthasintha

Iyi ndiyo njira imene ikuposa zonse. M'malo moboola chimake molingana ndi singano imodzi, mumaboola bowo limodzi lalikulu, n'kusema zitsekerero zingapo zolowa m'bowomo, chilichonse chili ndi bowo la singano yake. Kusintha singano kumakhala kusolola chitsekerero china n'kulowetsa china.

Mtengo ukhale wolimba, wa mitsempha yothithikana, ndiponso wouma kwenikweni. Ku England ankasema ndi mitengo ya zipatso, sycamore ndi boxwood. Zidutswa za mlombwa kapena mbawa zotsala kwa kalipentala zikwana, ndipo phingo ndi wabwino koposa pa zitsekerero chifukwa sadyeka msanga. Paini ndi wofewa, mlomo wa bowo umakula m'milungu yochepa. Oak muupewe pa zitsekerero, chifukwa umadetsa chitsulo. Mtengo wauwisi ndiye woipitsitsa: pouma umakhwinyata mbali imodzi kuposa inzake, bowo lobulungira limasanduka lowulungika ngati dzira, ndipo chitsekerero chimakana kulowa kapena chimakanirira.

Zida zofunika ndi drilu, biti ya mamilimita 8, mabiti aang'ono a singano zanu, vayisi kapena chopanira, sowo ya mano aang'ono, mpeni, tupa, sandipepa wa 120, 240 ndi 400, ulusi wolimba wosokera nsapato, ndi phula la njuchi.

Mutu wa chimake usachepere mamilimita 16 kunenepa kwake, kuti bowo la mamilimita 8 lisiye khoma la mamilimita 4 mbali zonse. Ngati muli kale ndi chimake chamakono cha mutu wopyapyala kuposa apa, boolani la mamilimita 6, ndipo muvomereze kuti singano zanu zilekezera pa 3.25.

Boolani musanaseme. Anthu ambiri amayamba ndi kusema chimake mpaka chikongole, n'kudzaboola pomaliza, ndiye biti ikapotoka ntchito ya masiku yapita. Tengani mtengo udakali wa ngodya zinayi, mamilimita 25 mbali zonse kapena kuposa ngati mukufuna phiko lotambalala, muupane chilili. Jambulani mizere iwiri kuchokera m'makona kuti mupeze pakati, mubaye ndi msomali. Yambani ndi biti ya mamilimita 3, kenako 5 kapena 6, pomaliza 8. Kulungani tepi pa biti pa mamilimita 45 kuti mudziwe polekezera. Mukuboola motsata mitsempha ya mtengo, ndipo kumeneku biti imakonda kutsata mtsempha wofewa n'kukhota. Choncho musakanikize, ndipo muziitulutsa mukalowa sentimita iliyonse kuti utuchi uchoke. Utuchi ukadzaza biti imatentha, mtengo umapsa, ndipo bowo limakula mosafanana. Ngati mulibe drilu yoima payokha, pemphani wina aziyang'ana chammbali pamene inu mukuyang'ana kutsogolo.

Mukaboola, lowetsani biti ija chotembenuza kuti muone kumene bowo laloza. Likapendekeka pang'ono si vuto, chifukwa mudzasema mutu motsata bowolo. Mutu mukausema, dulani kangalande kosaya kuzungulira, mamilimita 3 kuchokera kumlomo, mukulungemo ulusi wopaka phula maulendo 10 mpaka 12 mothina, n'kubisa nsonga pansi pa mikulungo. Ena amaveka mphete ya mkuwa, monga zinalili zimake zina zakale. Zonsezi n'zoteteza mutu kuti usang'aluke chitsekerero chikathina.

Tsopano zitsekerero. Chilichonse chikhale chotalika mamilimita 55: thupi la mamilimita 43 lolowa mkati, ndi mutu wa mamilimita 12 wotsala kunja, wonenepa mamilimita 12 mpaka 14. Thupi lafupikirako dala kuposa bowo, kuti mutu uzikhala pa mlomo wa chimake, thupi lisagunde pansi. Mutuwo ndi wogwirira posolola, ndipo chitsekerero chopanda mutu chikakanirira mkati mudzachichotsa ndi sikuluwu, n'kuchiwononga.

Lamulo lija ligwiranso apa, kuboola kaye. Dulani timitengo ta mamilimita 15 mbali zonse, muboole bowo la singano pakati, lakuya mamilimita 45. Singano ya mamilimita 2 ifuna biti ya 2.1 kapena 2.2, ya 2.25 ifuna 2.4, ya 2.5 ifuna 2.7, ya 3 ifuna 3.2, ya 3.25 ifuna 3.4, ndipo ya 4 ifuna 4.2. Mabiti otere amapezeka kwa ogulitsa zida za amakaniki. Ngati muli ndi okwera ndi theka la milimita okha, boolani ndi biti yofanana ndi singano, kenako kulitsani pang'onopang'ono ndi kasandipepa wa 400 wokulunga pa kawaya, mukuyesa singano pafupipafupi. Pa singano ya 2.25 ndi 3.25 boolani 2.5 ndi 3.5, n'kuikamo ulusi umodzi m'mbali monga tafotokozera. Mabiti ochepera mamilimita 3 amathoka mosavuta, makamaka mu phingo, ndiye yendetsani drilu mwaliwiro koma osakanikiza, ndi kutulutsa biti pa mamilimita 5 alionse.

Mukatero, lowetsani singano yakutha m'bowolo kuti ikhale chogwirira komanso choonetsa pakati, ndipo semani thupi mozungulira singanoyo mpaka lifike pa mamilimita 8. Ali ndi makina otembenuza mtengo amaliza m'mphindi zochepa. Opanda makina aseme ndi mpeni mpaka patsale pang'ono, kenako amalize ndi sandipepa. Thupi lichepeko pang'ono kunsi, ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a milimita, kuti liziyamba kulowa mosavuta n'kumathina likamafika kumutu. Kuti mudziwe pamene pakugunda, pakani pensulo mkati mwa bowo la chimake, lowetsani chitsekerero n'kuchipotoza. Pamene pada ndi pofunika kupala.

Pa singano ya mamilimita 4 khoma la chitsekerero limatsala lochepera mamilimita 2, choncho gwiritsani ntchito mtengo wolimbitsitsa umene muli nawo. Singano ya 4.5 kapena 5 ifuna bowo la mamilimita 10 ndi mutu wa chimake wa mamilimita 18 kapena 20. Kupitirira mamilimita 5 chimake sichithandiza kwenikweni, chifukwa singano ndi nsalu zimalemera n'kumachizula pa lamba.

Chinthu chimene chimalepheretsa ntchito yonseyi ndi ichi: chitsekerero chiyenera kuthina m'chimake kuposa mmene singano yathinira m'chitsekerero. Zikasemphana, nthawi zonse mukakoka singano chitsekerero chimatuluka nayo. Ngati mwapala mopitirira, musachitaye. Dulani kangalande kosaya pakati pa thupi lake, mukulungemo ulusi wopaka phula mpaka utulukire pang'ono pamwamba pa mtengo. Ulusiwo umagwira khoma, ndipo ukatha mumangokulunga wina. Vuto lina ndi la mpweya: chitsekerero chokwana bwino kwambiri chimatsekera mpweya pansi, ndiye chimabwerera chokha mukachikankha. Palani kamzere kamodzi kafulati ndi tupa m'mbali mwake, kuchokera kunsi mpaka pafupi ndi mutu, mpweya uzipeza potulukira. Musamapake vanishi thupi la chitsekerero, kapena mkati mwa mabowo. Vanishi imachepetsa bowo ndipo imamata kukatentha. Phula pang'ono pa mutu ndi kunja kwa chimake n'lokwanira. Kumbukiraninso kuti mtengo umafufuma nyengo ya mvula. Chitsekerero chosemedwa m'chilimwe chikhoza kukanirira mu Januwale, choncho musachisiye chili chothina mkati pamene simukuluka.

Mlomo wa bowo la singano muutambasule pang'ono ndi biti yaikulu, mukuipotoza ndi zala zokha. Izi zimathandiza kuti singano izipeza bowo popanda inu kuyang'ana m'chiuno. Kutambasulako kusapitirire milimita imodzi kuya kwake, chifukwa kulikonse kumene mwatambasula mwachepetsa pogwira. Pansi pa bowo kankhiranipo kachikopa kakang'ono kuti nsonga yachitsulo isamakumbe mtengo. Pomaliza lembani kukula kwa singano pa mutu wa chitsekerero chilichonse ndi msomali wotentha, chifukwa bowo la 2.4 ndi la 2.7 simungalisiyanitse ndi maso. Zisungeni m'kathumba pamodzi ndi singano.

Timapaipi ta mkuwa

Amene angapeze timapaipi ta mkuwa togulitsidwa m'mashopu a zidole za sitima ndi ndege ali ndi njira yachidule. Timapaipi ta khoma la mamilimita 0.45 timalowana: ka mamilimita 5 kunja kali ndi 4.1 mkati, ka 4 kali ndi 3.1, ndipo ka 3 kali ndi 2.1. Boolani chimake chatsopano mamilimita 5, mumatiremo ka 5 kotalika mamilimita 45, ndipo kameneka kagwira singano ya 4. Mukalowetsamo ka 4 mwakonzekera singano ya 3, mukawonjezera ka 3 mwakonzekera ya 2. Kalikonse kamkati katalike kuposa kakunja ndi mamilimita 4 kuti muzikagwira.

Podula, gudubuzani kapaipi patebulo pansi pa mpeni wakuthwa mpaka kalembeke kuzungulira, kenako thyolani. Sowo imakafinya. Mlomo wodulidwa umakhala ndi mano akuthwa amene amakanda singano, ndipo singano yokandika imakola ulusi pa stichi iliyonse. Usalazeni ndi biti yaikulu ndi sandipepa wa 400 mpaka chala chisamve kanthu. Timapaipiti timaterera mkati mwa tinzake, ndiye finyani pang'ono chabe kunsi kwa kamkati ndi pulayazi kuti kazigwira. Njirayi ili ndi malire awiri. Siithandiza pa singano za 2.25, 2.5 kapena 3.25 popanda kuwonjezera ulusi, ndiponso mkuwa umasupula utoto wa singano za aluminiyamu. Ndi yoyenera singano zachitsulo.

Singano zoyenera

Chimake chimafuna singano zosongoka mbali zonse, zotalika masentimita 30 mpaka 40. Majuzi a asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Britain ankalukidwa ndi singano zotere, zachitsulo, za mamilimita 2 mpaka 2.25. Chitsulo chili ndi ubwino wakuti chimapindika pang'ono n'kubwerera, ndipo kubwererako kumathandiza kutulutsa stichi. Aluminiyamu yopyapyala ikapindika imakhala chipindikire, ndipo nsungwi yochepera mamilimita 3 imathokera pa mlomo wa bowo. Singano za mutu kumbuyo sizilowa pokhapokha mutadula mutuwo n'kusalaza ndi tupa. Zazifupi za masentimita 20 zimasiya ntchito pamimba penipeni, mapewa n'kumawawa. Pa zimenezi semani chitsekerero cha mutu wautali masentimita 8 mpaka 10, bowo la singano likhale kumapeto kwa mutuwo.

Lamba wa ku Shetland

Kwa woluka amene amasintha singano kawirikawiri ndipo safuna za kalipentala, oluka a ku zilumba za Shetland ku Scotland anathetsa nkhaniyi mwanjira ina. Iwo amavala kapilo kachikopa pa lamba, kodzaza ndi ubweya wa hatchi, kokhala ndi mabowo ambiri osiyana kukula. Singano imalowa pa bowo lililonse loikwana, ndipo chimene chimaigwira ndi ubweya wamkatiwo.

Dulani zikopa ziwiri zowulungika, masentimita pafupifupi 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, zochindikala mamilimita 2. Chakumaso chikuleko pang'ono kuti chidzatukuke. Boolani chakumasocho musanasoke, mabowo 15 mpaka 20 a mamilimita 2.5, 3.5 ndi 4.5, otalikirana sentimita imodzi ndi theka ndiponso kutali ndi msoko. Sokani ndi ulusi wa nsapato, kusiya mbali imodzi yotsegula, ndipo tsenderani ubweya pang'onopang'ono ndi kamtengo mpaka kapiloko kalimbe moti chala chisalowe. Ubweya wa kumchira kwa ng'ombe wochapa ndi sopo n'kuumitsa bwino ungalowe m'malo mwa wa hatchi. Thonje ndi siponji musaziyese: thonje limaumbika mibulu yolimba singano n'kukana kulowa, siponji imang'ambika n'kusiya mphako. Tsekani msoko, mulumikize lamba mbali zonse ziwiri, ndipo mumange mothina m'chiuno. Singano ikayamba kugwa pakapita miyezi, ubweya waphwa. Masulani mastichi anayi kapena asanu a msoko, muwonjezere ubweya, n'kusokanso.